Alendo amene anakana madzi athu

Ndimakumbukirabe magolovesi awo abuluu, opyapyala ngati khungu limene njoka yafundula. Anafika kwathu ku Lalapanzi m'chilimwe, ine ndili mwana wa sukulu, anthu awiri ochokera ku yunivesite: bambo wa imvi ndi mayi wachitsikana. Ankatunga madzi m'timabotolo pachitsime chathu, ndiponso m'dzenje la mgodi wakale wa kromu momwe anafe tinkasambira. Madzi a m'dzenjemo anali obiriwira, ali zii. Munalibe chule, ngakhale mbalame sizinkamwamo, koma ife sitinkadabwa nazo.

Alendowo sankacheza ndi munthu. Amalume, amene anakalambira mumgodi, ankati ndi a Satana, abwera kudzatithirira mankhwala. Galimoto yawo ikamveka, azimayi ankalowetsa makanda m'nyumba. Aphunzitsi anawapempha kuti adzafotokoze kusukulu chimene ankafuna, koma bambo uja anangoti, "Tikadafufuza. Tikanena pano mungachite mantha." Lero ndimati mantha tinali nawo kale, ndipo anatipatsa ndi iwowo pokhala chete.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, amayi anawatungira madzi m'kapu monga ankachitira ndi mlendo aliyense. Bamboyo anangoonetsa botolo lake logula. Mayi uja analandira ndi manja awiri, n'kuigwira kapuyo nthawi yaitali osamwa. Maso ake anali pa mng'ono wanga, amene amayi anamubereka kumbuyo. Bambo uja atatembenuka, mayiyo ananong'ona m'Chishona: "Mvura iyi musaipe mwana." Madziwa musamupatse mwana.

"Nanga tikawiritsa?" amayi anafunsa.

Mayi uja anapukusa mutu. Bamboyo anamuitana mwaukali, iye n'kuika kapu pansi ili yodzaza, n'kumapita.

Sanabwerenso, ndipo palibe amene anadzatiuza zimene anapeza. Amayi anayamba kukatunga kumjigo wa kutchalitchi, kutali, anansi akuwaseka kuti amvera za a Satana. Ine anandiletsa kusambira. Ndinkaima pamulu wa miyala n'kumaonerera anzanga akudumphira m'madzi obiriwirawo, zilonda za m'miyendo mwawo zili zofiira, zosapola.

Chilimwe chonsecho ndinkadana naye mayi uja chifukwa chondilekanitsa ndi anzanga. Sindinkamvetsa chifukwa chake munthu wophunzira chonchija anachita kunong'ona potiuza mawu ochepawo, ngati wakuba.