Tsiku limene anganga anakwecha galimoto

Tabwerani kuno nonse. Iwe zimitsa foniyo, enanu khalani pamkekapo, pakamwa mutseke. Yusufu mdzukulu wanga, nsanza yagwa pansiyo usaibwezerenso pagalimoto, ndakuona. Umadabwa kuti nkhalamba yoti ngakhale njinga sinapalaseko imakulondalonda chifukwa chiyani ukamatsuka galimoto yako. Tula ndowayo umve.

Ndikakumbukira agogo anga, amene ife tinkawatcha anganga, ndimamva fungo la phulusa lonyowa, ndipo m'makutu mwangamu mumalira mchenga pa poto, kwee, kwee, kwee, nkhuku zisanatuluke m'khola. Ku Lungwena konse kunalibe munthu wa mapoto oyera ngati iwo. Ankatapa mchenga wosalala wa kunyanja, kusakaniza ndi phulusa, kutenga chitsononkho, n'kukhala pansi miyendo tambalale, kukwecha mpaka poto amene wadya utsi wa nkhuni zaziwisi azioneka ngati wangochoka m'sitolo. Pa sadaka, pa ukwati, anthu ankabwereka mapoto awo kuti alendo aone basi. Mawu awo anali aakulu, osasa, ngati awa amene ankandiuza ine: "Asiyatu, chinthu chikada, waulesi ndi mwini wake."

Mwana wamwamuna anali naye mmodzi yekha, amalume Twaibu, dalaivala wa bwana wina wa sitolo ku Limbe. Zaka zinkapita osabwera. Ndiye panali mayi woyandikana nafe nyumba, Abiti Ndala, wa kamawu kang'ono ngati udzudzu, amene sankatopa kuwatosa: "Mwana wanu woyendetsa galimoto uja, Abiti Saidi, mwina amayendetsa wilibala." Anganga ankangokwecha poto mwamphamvu.

Tsiku lina madzulo, nyengo ya mango, tinangomva pii, pii, kuseri kwa mzikiti. Galimoto, ana inu. Yakuda bii, yaitali, ngakhale inali ndi fumbi umadzionamo nkhope ngati wasuzumira m'chitsime. Anatsika amalume, malaya oyera, mawu ofewa a m'tauni: "Ana inu, kuona ndi maso, manja kumbuyo." Anganga anaimba nthungululu mpaka kutsokomola. Anaizungulira, kuizunguliranso, kenaka ulendo kukagogoda kwa Abiti Ndala: "Tatulukani, mudzaone wilibala ija."

Anganga ndiwo amene anati galimoto igone pansi pa mango, isapse ndi dzuwa la m'mawa. Koma mumtengo umenewo munkadya mileme. Pokucha galimoto yonse inali mathothomathotho, zitosi ndi utomoni pamwamba pa fumbi lija. Amalume anali atalawirira kumzikiti kukaswali, kuchoka uko anatsikira kugombe kukafuna chambo.

Ine chinandidzutsa ndi kwee, kwee, kwee. Koma kulira kwake kunali kwina, kwakukulu, ngati munthu akukwecha mgolo. Kutuluka panja, ndinawapeza anganga atakwera pamtondo wogadabuza, chitenje atamanga m'chiuno, beseni la mchenga ndi phulusa lili pambali, manja ali bii mpaka m'zigongono. Akuimba. Sindinawamvepo akuimba choncho.

"Taona mwaye wonsewu, Asiyatu. Anthu a m'tauni kutsuka sadziwa. Pansi pake n'poyera ngati poto wanga."

Paboneti, kutsogolo kuja, panali chigamba chachikulu ngati lichero, chitsulo chenicheni chili mbee, ndipo m'mbali mwake mizeremizere mpaka kuchitseko. Ine ndinali mwana, ndinaona ngati zakongola ndithu.

Amalume anatulukira ndi chambo atazitunga pamlaza. Anaima. Nsomba zija zinagwera mumchenga, iwo osaziona n'komwe. Anayandikira, n'kuyendetsa chala pachigamba paja pang'onopang'ono ngati akugwira chilonda cha mwana.

Anganga ali pamtondo paja, mano onse panja: "Mwanangu, ndatsala mbali inayo. Bwana wako akaona adziwe kuti uli ndi mayi."

Ine ndinkadikira kuti amalume akalipe. Ayi. Anangowagwira dzanja n'kuwatsitsa, nati, "Amayi, basi. Mwatopa."

Akanakhala awiriwiri mwina anganga akanafa osadziwa. Koma Abiti Ndala anali atafika kale, mtsuko uli pamutu: "Abiti Saidi, mwatani? Umenewo si mwaye, ndi penti. Galimoto mwaisenda khungu."

Anganga anayang'ana manja awo. Anayang'ana mwana wawo. Chitsononkho chija chinagwa chokha.

"Twaibu, n'zoona?"

"Si kanthu, amayi."

"Ndakufunsa kuti n'zoona?"

Amalume anakhala pansi, pafumbi pomwepo ndi malaya oyera aja, mutu pakati pa mawondo.

Anayesa, ana inu, anayesa. Anatsuka ndi madzi, chigamba chinangowala kwambiri. Anapaka mafuta ophikira, mizere yokha inabisala pang'ono. Anatulutsa polishi wa nsapato zawo n'kupaka yense mpaka kachitini kuyera, dzuwa litakwera polishi uja anasungunuka n'kuyenderera ngati misozi. Anganga ankangowatsata pambuyo, mawu aakulu aja atatha, akunong'ona ngati ali pamaliro.

"Tenga mbuzi zanga ukampatse bwana wako."

"Mbuzi sizingakwane, amayi."

"Ndiye ndikwere, ndikamugwadire ndekha. Ndikanene kuti ndine, nkhalamba yosaphunzira."

Apo m'pamene amalume ananena chimene anabisa. Bwana wawo anawatuma ku boma ku Mangochi kokha, kukasiya alendo. Kuno ku Lungwena anachita kuzemba nayo. "Ndimafuna mundioneko kamodzi ndili pachiwongolero, amayi. Mukakaonekera inu, ndiye kuti ndinaba galimoto."

Anganga anali ataphika mpunga wa alendo, amalume sanaulawe. Anatsanzika bwinobwino, anandisisita pamutu, analiza galimoto. Nthungululu panalibe. Ana amene dzulo lake ankaithamangira anangoima, kuyang'ana chigamba chija chikuphethira padzuwa mpaka kukhota kuseri kwa mzikiti.

Uthenga unabwera ndi munthu wogulitsa usipa ku Limbe: ntchito ya amalume yatha, ndipo mbiri yawo yaipa kwa mabwana onse. Kenaka tinamva kuti alowera ku Joni. Ena ankati ayi, anawaona ku Limbe komweko akusenza katundu pamsika. Kaya unali mkwiyo, kaya manyazi obwera wapansi pamudzi pamene anafika ndi pii, pii, ine sindidziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanapondenso ku Lungwena.

Kuyambira tsiku limenelo, kwee, kwee uja anatha pakhomo pathu. Anganga ankangotsukuluza mapoto ndi madzi n'kuwavundikira. Mapotowo anada, mwaye kukhuthala mpaka kumagamphuka wokha. Amayi anga akati atenge mchenga, anganga ankawalanda beseni. Anthu analeka kubwereka. Abiti Ndala yemwe uja, mtima utamupweteka, anabwera tsiku lina ndi kamawu kake: "Bweretsani ndikukwechereni, anzanga." Anganga anangoti, "Asiyeni ade." Ndipo kukamveka kulira kwa galimoto kumsewu, ngakhale lole ya nsomba, ankasiya chilichonse n'kukaima pansi pa mango, manja atawabisa m'chitenje.

N'chifukwa chake, Yusufu, ndimakusokosera. Kuno kwathu mchenga uli paliponse, m'mphepo, m'madzi a kunyanja, m'nsanza yagwa pansi. Yamba wathira madzi ambiri, fumbi litsike lokha, nsanza isanakhudze. Madzi atunge kumjigo. Ndowa ya thovu payokha, yotsukuluzira nsanza payokha. Sopo wochapira zovala ayi, amafwifwitsa penti. Zitosi za mbalame usazikande ndi chikhadabo, ziikire nsanza yonyowa zifewe. Utsukire pamthunzi, upukute isanaume yokha, upake polishi wake, koma isagone pansi pa mtengo. Ine sukulu sindinapite, koma zimenezi ndinafunsa dalaivala aliyense amene ndinakumana naye moyo wanga wonse. Ndinkayamba ndi za penti, ndikumalizira kuti, kodi Twaibu wa ku Lungwena mukumudziwa? Palibe anati inde.

Nditakula ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, malemu, amene nthawi imeneyo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Limbe. Tsiku lonyamuka anganga anali atatha, maso akuona mbuu, kuyenda ndi ndodo. Amayi anawauza kuti atsale kunyumba, kumsewu n'kutali. Tinatsanzikana pakhonde, anganga anangondigwira kumaso ndi manja awo okhakhala aja.

Takwera lole, ndakhala pamwamba pa matumba a usipa, dalaivala waliza injini. Ndikuyang'ana kumbuyo, ndikuona anganga akubwera m'kanjira, ndodo kutsogolo, mpango wagwa, akupunthwa n'kudzuka. Ndinamenya pabodi kuti aime, dalaivala osamva. Lole inayamba kuyenda. Ndiye mawu aakulu aja, amene ndinali nditawaiwala, anatuluka onse, kuposa injini, kuposa mphepo, ndipo ndi omaliza amene ndinawamva kwa iwo:

"Asiyatu! Ukakamuona Twaibu ukamuuze abwere ngakhale wapansi, mchenga ndinasiya!"