Abambo Atafuna Kukaona Makoma Awo Kunyanja

Abambo akunyumba kwathu anadwala sitiroko m'nyengo yozizira. Anagwa kubafa m'mawa, ine ndikusesa panja. Atatuluka m'chipatala dzanja lamanja linali lolefuka, mwendo akuchita kukoka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati lilime lawalemera. Koma mutu unatsala bwinobwino, ndipo pa ichi ndimathokoza Mulungu mpaka lero.

Iwo anali mmisiri womanga nyumba. Asanandikwatire n'kudzakhazikika kuno ku Kawale, anagwira ntchito m'mbali mwa nyanja, kumanga masukulu ndi kukonza matchalitchi akale. Kwawo kwenikweni ndi kamudzi kena kufupi ndi Nkhotakota. Ine ndine wa ku Dowa, ndipo nyanja ndinkangoimva kwa anthu ogulitsa usipa.

Lamulungu lina masana kunabwera mwana wathu woyamba, amene amakhala ku Area 25 ndipo amayendetsa kagalimoto kake ka takisi. Tinakhala pakhonde. Abambo anatenga ndodo yawo yoyendera ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kulemba pansi, padothi.

"Apa ndi pano," anatero akugogoda pansi. "Titsetsereka ku Salima. Pali sukulu ina, khoma lake ndinamanga ndine. Tikagona komweko."

Anakoka mzere wokhotakhota. Anati kukacha tidzalowera ku Nkhotakota, tikaone mtengo waukulu uja umene mafumu akale ankakambirana pansi pake za ukapolo, ndi mzikiti wakale, kenako tikagone kumudzi kwa mayi awo. Ndodo inapitirira mpaka pafupi ndi ndowa yanga yochapira. Apo anati ndi pa Bandawe, pamene pali tchalitchi chakale cha njerwa ndi manda a azungu oyamba aja obweretsa Mawu. Nkhata Bay inathera kuseri kwa ndowa.

"Adadi, ulendo umenewu ndi wa sabata yathunthu," anatero mwana uja akuseka. "Koma ndi zotheka. Ndikutengani."

"Ndi amayi ako omwe," anatero abambo. "Akaone madzi osatungidwa pampopi."

Onse awiri anaseka. Ine ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga madzi akumwa, koma ndinakaima kuseri kwa chitseko.

Kwathu timadziwa chinthu chimodzi. Munthu wodwala akayamba mwadzidzidzi kufuna kuona abale onse ndi malo ake akale, ndiye kuti akutsanzika. Amalume anga anachita zomwezo. Anadzuka pamphasa tonse tikuti achira, anayendera mudzi ndi mudzi, kupatsa moni ngakhale anthu amene sankalankhulana nawo. Atabwerera kunyumba anapempha madzi osamba, anagona, basi osadzukanso. Ine ndinali mtsikana koma ndinaona ndi maso angawa. Tsono abambo atatchula manda a ku Bandawe, makutu anga sanamvenso za sukulu kapena za mtengo. Anangomva manda.

Ndinayamba kufunafuna zifukwa. Ndinati mphepo ya kunyanja si yabwino kwa odwala. Abambo anati mphepo imeneyo ndi imene inawalera. Ndinati udzudzu wa kumeneko ndi woopsa. Mwana anabwera ndi maneti atsopano. Ndinati nanga mankhwala akatithera m'njira? Mwana anawatenga abambo kupita nawo kuchipatala, ndipo adokotala anati akhoza kuyenda bola azimwa mankhwala, aziima pafupipafupi kuti awongole miyendo. Ine ndinkadalira kuti adokotala akaniza. Atabwera ndi yankho limeneli ndinangoti, "Zikomo," koma chakudya tsiku limenelo sichinatsike.

Aneba athu a kuseri kwa mpanda ndi bambo wachisilamu wochokera ku Nkhotakota, amagulitsa mpunga mumsika. Abambo amawatcha a Shehe mongowaseka, iwonso amawatcha abambo a Folomani. Atamva za ulendo anabwera msangamsanga, chipewa chili pambali.

"A Folomani, ndamva mukupita kwathu osandiuza! Mukufuna mukadye mpunga wa kwa ndani?"

"Wa kwa inu ndi wamiyala," anayankha abambo pang'onopang'ono.

"Miyalayo munasiya ndinu pomanga! Makoma anu aja anagwa kalekale, mukapeza mbuzi zikugonapo."

"Khoma langa siligwa."

"Tidzaona. Mujambule chithunzi, apo ayi sindikhulupirira."

A Shehe anakhala pansi n'kuyamba kumulangiza mwana wathu, amene analipo tsikulo, za msewu. Anati kutsetsereka kwa ku Salima asathamange. Anati kupitirira Nkhotakota kuli milatho ina yopapatiza, yodutsa galimoto imodzi, ndipo akaona lole ya nzimbe ikubwera aime patali, asapikisane nayo. Anati dzuwa likapendeka azifunafuna pogona, chifukwa njinga ndi ng'ombe za kumeneko zilibe nyali. Ndiponso anati ku Nkhotakota tisataye nthawi kufunafuna malo ogona, mlongo wawo ali ndi nyumba yaikulu, awaimbira foni.

"Koma alamu," anatembenukira kwa ine, "nkhumba musatengeko."

Ndinaseka pang'ono kuti ndisawachititse manyazi. Anthu amenewa ndi abwino, Mulungu aziwadalitsa. Pa tsiku limene abambo anagwa ndi iwowa anathamanga kukafuna galimoto.

Anebawo asanachoke, abambo anandituma kuti nditulutse wilibala ndi levulo yawo yoyezera makoma, imene sankalola ngakhale mwana kuigwira. Ndinatulutsa.

"A Shehe, tengani izi. Mukumanga khitchini, zikuthandizani."

Aneba aja anasiya kuseka. Anayang'ana zidazo, anayang'ana ine. Ndinaona pankhope pawo kuti nawonso kwawo amadziwa zimene ine ndimadziwa.

"Ndingobwereka, a Folomani," anatero motsitsa mawu. "Mukabwera mudzazipeza."

"Tengani basi," anatero abambo.

Abale anga, kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Abambo akatsokomola, ine ndataya chimene ndagwira. Akagona masana, ndimaima pakhomo kuyang'ana ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Kenako anandiuza kuti ndichape suti yawo yakuda, ndiisite bwino, ipite nawo pa ulendo. Suti imeneyo ankavala pa maukwati ndi pa Mgonero basi. Ndinaisita misozi ikugwera pakolala, n'kumaumitsa ndi simbi yomweyo.

Lachinayi kumapemphero a amayi ndinauza mnzanga mmodzi wachikulire, amene timakhala benchi imodzi. Anagwira pakamwa.

"Mayi, musalole. Abiseni ndodo."

"Ndibise ndodo ya munthu wodwala?"

"Nanga mukufuna akakuthereni m'manja pakati pa tchire? Mudzalira ndi ndani kumeneko, anyani?"

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinayamba kuona zimenezo ndili maso: galimoto itaima pambali pa msewu, mwana wanga akuthamanga uku ndi uku kufuna netiweki, ine nditanyamula mutu wa abambo pamiyendo, kopanda chipatala, kopanda munthu wondidziwa. Ndodo sindinabise, koma ndinapemphera pemphero limene sindinapempherepo chibadwire. Masiku amenewo mafuta a galimoto ankasowa, anthu akugona pamizere. Ndinagwada n'kunena kuti, "Atate, Inu mumatseka ndipo palibe wotsegula. Mafutawa asapezeke."

Sabata yomweyo mwana anaimba foni mosangalala. "Amayi, Mulungu ndi wabwino! Ndadzaza thanki, ndapezanso a m'zigubu."

Ndinangoti, "Ameni," ndi mawu a munthu wodwala malungo.

Loweruka lotsatira ndinawakhazika abambo pakhonde kuti ndiwamete ndevu, pakuti dzanja lawo silinkathanso kugwira lezala. Dzuwa linali la m'mawa, ana a aneba akusewera mpira mumsewu. Ndinapaka sopo, ndinayamba tsaya lamanzere. Maganizo anali kutali, mpaka ndinawacheka pang'ono pachibwano.

"Amayi, mukufuna mundiphe ulendo usanafike?" anatero akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Ndinaika lezala m'beseni. Ndinagwada pomwepo patsogolo pawo.

"Abambo, ndiuzeni zoona pamaso pa Mulungu. Kodi mukutsanzika?"

Ndinkayembekeza kuti aseka, anene kuti ndine wamantha ngati nkhuku. Sanaseke.

"Sindikudziwa," anatero. "Mwini wake sanandiuze."

"Nanga wilibala? Nanga suti?"

"Wilibala ndiyendetsa ndi dzanja liti? Suti ndikufuna ndikalowe nayo m'tchalitchi cha ku Bandawe. Ndinalowamo ndili mnyamata, ndi kabudula wa simenti. Ndinachita manyazi."

"Tikhale kuno, abambo. Kuno chipatala chili pafupi. Mukadzalimba tidzapita."

Anapukusa mutu. Anandigwira paphewa ndi dzanja lamanzere lija, ndipo analankhula mawu amodziamodzi, akupuma pakati.

"Amayi, kumudzi ndidzapita ndithu. Mufune, musafune. Msewu ndi womwewu wa ku Salima. Inu mwaperekeza anthu angati a m'Kawale muno? Amapita bwanji?"

Ndimadziwa mmene amapitira. Lole yobwereka, bokosi pakati, ife amayi titakhala m'mbali ndi zitenje kumutu, tikuimba mpaka mawu kutha.

"Pamenepo munthu saona kanthu," anatero. "Salozanso kanthu. Ine ndikufuna ndipite nditakhala kutsogolo, galasi lili lotsitsa. Ndikuonetseni ndekha kuti apa ndinamanga, apa ndinagwa panjinga, apa mayi anga ankatunga madzi. Mwandisamala zaka zonsezi koma simudziwa kumene ndinachokera. Mukandikaniza, ndikhala. Sindingapite popanda inu. Koma mudzapita nane ndili chete."

Ndinalira, abale. Ndinalira mpaka ana aja anasiya mpira n'kumasuzumira pampanda. Abambo anangondisiya ndilire. Nditatopa anati, "Tsono malizani ndevuzi, ndikuoneka ngati mbuzi ya a Shehe."

Ndinamaliza kuwameta. Madzulo ake ndinamuimbira mwana kuti abwere tikambirane bwino za ulendo. Ulendo uno ndinakhala nawo pansi, ndipo ndinafunsa zanga. Ndinafunsa kuti chipatala chili pati ku Salima, chili pati ku Nkhotakota, nanga kupitirira apo. Ndinati sitidzayenda dzuwa litalowa, ngakhale abambo akakamire. Ndinati mankhwala ndisunga ine m'chikwama changa, osati m'buti. Ndinati tikafika pa milatho yopapatiza ija, aliyense atseke pakamwa, ine ndizipemphera. Mwana anati, "Amayi, mwasanduka kondakitala," ndipo abambo anaseka mpaka kutsokomola. Mtima wanga unadumphanso ndi chifuwa chimenecho. Mantha sanachoke ayi. Ndinangowanyamula pamodzi ndi katundu wina.

Tsiku lonyamuka aneba athu anabwera ndi kathumba ka mpunga koti tikapatse mlongo wawo, ngati kuti ku Nkhotakota kulibe mpunga. Anawathandiza abambo kukwera kutsogolo, anawaikira pilo kumsana, kenako anatambasula manja n'kupemphera m'njira yawo. Atamaliza, mwana anati, "Amayi, tipempherereni."

Ndinatseka maso. Ndinali nditakonza kunena kuti, mutibweze tonse amoyo. Koma mawuwo ndinawasiya, chifukwa ndinaona kuti ndikumulamula Mulungu ngati mmene ndinachitira ndi mafuta. Ndinangoti, "Atate, munthu wanu uyu akufuna kukaona. Mumuonetse zonse. Zotsalazo mukudziwa ndinu."

Anaona zonse. Khoma la ku Salima linalipo, ndipo analimenya ndi ndodo kuti ndimve kulimba kwake. Ku Bandawe analowa ndi suti. Usiku uliwonse wa ulendowo ndinkagona dzanja langa lili pachifuwa pawo, ndipo tinabwerera ku Kawale tonse atatu.

Anakhala nafe mpaka mvula inagwa n'kutha. Atatisiya, pamene tinadzawaperekeza kumudzi pa lole, amayi anzanga ankaimba, koma ine ndinkayang'ana kunja. Msewu wonse ndinkaudziwa. Titadutsa pa sukulu ija ndinamugwira mnzanga wa pabenchi uja n'kumulozera, ndinati, "Mukuona khoma ilo? Anamanga ndi iwowa."