Bambo Medson Kachingwe ndi Lumbiro la Msilikali

Mphakati wathu wa Amalawi kuno ku Nairobi wataya mkulu amene ambiri tinkangowadziwa ngati dalaivala wopuma pantchito wa ku Umoja. Bambo Medson Kachingwe anabadwira ku Dedza, m'banja la alimi a kachewere. Ali mnyamata analowa seminale yaing'ono, ndipo kumeneko anakonda Chilatini kuposa mpira. Pa unsembe sanafikepo, pakuti bambo awo atamwalira anabwerera kumudzi kukalera azing'ono awo. Koma Chilatini chija anapita nacho.

Chimene chinkawakomera mumtima ndi mmene alembi oyambirira a Mpingo ankatengera mawu a Aroma achikunja n'kuwabatiza. "Anthu aja sanapeke chilankhulo chatsopano," ankatero. "Anapeza mawu ali kale pamsika ndi kubwalo la milandu, n'kuwalowetsa m'tchalitchi." Mawu amene ankawakonda koposa anali akuti sakramenti. Ankatiuza kuti Aroma asanamve za Khristu, mawuwa ankatanthauza lumbiro la msilikali, lakuti sadzachoka pamzere mpaka mkulu wa nkhondo atam'masula.

Anakwatira Mayi Esnat, kenako analembedwa ntchito yoyendetsa galimoto ku bungwe lina lothandiza othawa kwawo, ndipo bungwelo ndi limene linawabweretsa ku Kenya. Pa misonkhano ya mphakati tinkawaseka. "Lero tibatiza liwu liti, a Pulofesa?" Iwo ankaseka nafe, uku akuyala mipando.

Mayesero anafika pamene Mayi Esnat anadwala matenda oiwalaiwala. Poyamba ankaiwala kuthira mchere, kenako njira yobwerera kunyumba akapita kokagula ndiwo zamasamba za sukuma, pomalizira anaiwala amuna awo amene. Ankawatchula kuti "achimwene oyendetsa galimoto aja". Bambo Kachingwe anasiya ntchito kuti aziwasamala.

Mwana wawo Misozi, amene amakhala ku Utawala, ataona kuti bambo akenso ayamba kufooka, anapeza malo kunyumba ina yosamalira okalamba cha ku Athi River.

"Adadi, mtima wanu si wabwino, adokotala ananena. Kumeneko kuli manesi. Mukufuna titaye nonse awiri?"

"Misozi, mwana wanga, ukwati pa katekisimu munkautcha chiyani?"

"Sakramenti. Chonde adadi, musayambe za Chilatini zanu pano."

"Ndiye wandimasula ndani? Mkulu wa nkhondo ndiwe?"

Misozi analira, kenako anaseka misozi ili m'masaya. Za ku Athi River zinathera pomwepo. M'malo mwake anayamba kubwera Loweruka lililonse kudzachapa ndi kuphika, ndipo bambo ake anavomera thandizolo mosanyada.

Zaka zimene zinatsatira sizinali zopepuka. Munthu amene anazolowera chiwongolero anaphunzira kumanga chitenje, kupesa tsitsi ndi kudyetsa wodwala phala pang'onopang'ono. Masiku ena Mayi Esnat ankawathamangitsa m'nyumba powayesa mlendo. Iwo ankatuluka, n'kuima pakhonde, n'kugogodanso: "Odi, ndi dalaivala uja." Lamulungu lililonse ankawakweza minibasi, zimene kuno amati matatu, kupita ku Misa, ndipo makondakitala a ku Umoja anafika powasungira mpando wakutsogolo. Titawafunsa ngati satopa, anayankha kuti: "Kutopa ndimatopa kwambiri. Lumbiro lija silinaletse kutopa, linaletsa kuthawa."

Mayi Esnat anamwalira chaka chatha ali m'manja mwa amuna awo. Pasanapite nthawi yaitali, mtima wa Bambo Kachingwe unayamba kulephera. Bambo Lwitiko, wansembe wa kwathu amene akuchita maphunziro kuno, anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, Misozi ali pambali. Mapemphero atatha, wodwalayo anafunsa ndi mawu otsika:

"Bambo Mfumu, amayi aja ndinawaperekeza mpaka pakhomo. Kodi tsopano ndingachoke pamzere?"

Wansembeyo, amene ankaidziwa bwino nkhani ya liwu lija, anawagwira paphewa. "Mwamasulidwa, a Kachingwe. Pitani mumtendere."

Bambo Kachingwe anakweza dzanja kufika pamphumi monga achitira asilikali. "Asante, afande," anatero akumwetulira, kuthokoza m'Chiswahili monga msilikali athokozera mkulu wake. Madzulo a tsiku lomwelo anatsikira kuli chete, korona ili m'manja.

Sanatisiyire buku, ngakhale ankawerenga ambiri. Anatisiyira liwu limodzi limene tonse tinaliloweza tili ana osalimvetsa. Ife amene tinabatizidwa ndi kukwatitsidwa pa guwa, tikamalitchulanso tizikumbukira mkulu uja ataima pakhonde la nyumba yake yomwe, akugogoda.

Mzimu wawo uuse mumtendere.