Nyimbo ya M'kabati

Diresi lobiriwira lija linkakhala m'kabati, lokutidwa ndi pulasitiki, likununkha mankhwala ophera njenjete. Ndimalidziwa bwino chifukwa pa tchuthi chachitali cha chaka chomwe ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi ndinkabisala kumbuyo kwake.

Mayi ankasamalira agogo ena odwala ku Fairfax, m'dziko la kutsidya la nyanja lomwe tinkakhala. Kampani yomwe inawalemba ntchito inkaletsa kupita ndi mwana kunyumba kwa wodwala, koma woti andisiye naye panalibe. Tinkakwera mabasi awiri kuchokera ku Springfield, mayi akusinza, mutu ukugunda zenera. Lamulo la mayi linali limodzi: galimoto ikangoima panja, ine m'kabati, osatsokomola n'komwe. "Akakuona ntchito yatha. Wamva?" Ine ndinkayankha pa Chingerezi kuti ndamva.

Agogowo anali Myuda wobadwira kudziko la Aarabu, ndipo kale anali woimba wodziwika. Diresilo ndi lomwe ankavala poimba. Anaimbapo nyimbo zachizungu za opera m'maholo akuluakulu, za Chihebri m'masunagoge, za Chiarabu paliponse pomwe awalola. Pofotokoza zimenezi sankanyadira ayi, ankangopukusa mutu. Aphunzitsi a opera ankati amapinda mawu mosayenera. Ayuda anzawo ena ankawafunsa chifukwa choimbira m'chinenero cha dziko lomwe analithawa. Aarabu ena ankawomba m'manja mpaka atamva kuti woimbayo ndi Myuda. Moyo wonse kumangofotokozera anthu kuti ndiwe ndani! Lero kutopa kumeneko ndimakumva. Nthawi imeneyo ndinkangoona gogo wosowa woimba naye.

Mutu wawo unali utayamba kuiwala. Chakudya ankakana, mankhwala ankalavula, koma masana akakhala pa piyano zala zinkayenda zokha. Anandiphunzitsa nyimbo imodzi ya Chiarabu yomwe mayi awo ankaimba pokanda ufa wa buledi. Iwo ankatsogolera, ine n'kumavomera. Tanthauzo lake sindilidziwa mpaka pano. Tikamaliza kuimba, ankadya. Mayi ankationerera ali pakhomo, thaulo paphewa. Ntchito inkawapepukira, koma mantha sankawachoka.

Lachisanu lina mwana wamwamuna wa agogowo anangotulukira osaimba foni. Ndinathamangira m'kabati. Munkatentha, pulasitiki n'kumamatirira patsaya. Kenako ndinamva piyano. Agogo anayamba nyimbo yathu, atafika poti ndivomere, anaima. Anayambiranso, n'kuimanso pomwepo. Kachitatu anayamba kulira ngati mwana wosochera pamsika. Mwana wawoyo ankangowauza kuti sakumva zomwe akunena, ayankhule Chingerezi.

Ndinalephera kupirira. Ndinavomera, poyamba chapansipansi, kenako mokweza, mpaka chitseko cha kabati chinatsegulidwa.

Bamboyo sanakalipe. Anatisiya timalize nyimbo yonse, iye ataima pambali akupukuta magalasi ake. Agogo anamaliza mbale yonse ya supu. Kenako bamboyo anaitanira mayi kukhitchini, ndipo ndinamumva akutchula za malamulo a kampani ndi mawu odekha, mayi akungoti pepani, pepani. Ndayesapo kudana naye munthu ameneyu koma zimandikanika. Nayenso nkhope yake inali ya munthu wotopa.

Pokwerera basi mayi anakhala pabenchi, kuvula nsapato, n'kuyamba kusisita mapazi otupa. Ine ndinkadikira mbama.

"Waimba bwino, mwanawe," anatero.

Ndinasangalala kwambiri. Njira yonse ndinkaganiza zoti Lolemba ndikawapemphe agogo andiphunzitse ndime yachiwiri. Chomwe sindinkamvetsa n'chakuti mayi anali atanyamuliranji kapu yawo, masilipasi ndi juzi, zinthu zomwe masiku onse ankazisiya kwa agogo.