Chiliza cha Nabanda chinafika m'zidutswa zitatu

Lachisanu lija kunacha ndi mitambo yakuda, nyenje zikulira. Pa shedi ina m'mbali mwa mtsinje ku Katete makina oumbira njerwa za simenti ankagogoda ngati palibe cholakwika. Ine si munthu wa madandaulo. Koma amene mufuna kuumbitsa chiliza kumeneko, werengani.

Mkazi wanga Nabanda anagona zaka ziwiri zapitazo kwawo ku Vubwi. Ndinalonjeza abale ake kuti chiliza tidzavundukula Loweruka, mvula isanawononge msewu wa ku Chadiza. Ntchitoyo ndinawapatsa mu Ogasiti. Miyezi itatu!

Lachisanulo ndinafika pashedipo 7 koloko m'mawa kudzatenga chilizacho. Kapitawo wawo anati, "Mdala, khalani panjerwapo, zonse zili bwino." Ndinakhala mpaka 1 koloko. Atachitulutsa ndinachigwira. Chonyowa. Chala changa chinasiya chidindo.

Ndinafunsa kuti anachiumba liti. Akuti Lachitatu, chifukwa mchenga wonse unkapita ku njerwa za mwini sitolo wina. Mchenga? Mtsinje uli pakhomo pawo, ngolo zikukwera nawo tsiku lonse. Ngakhale ine mlimi wa thonje ndimadziwa kuti simenti imafuna kuthiriridwa madzi masiku angapo kuti ilimbe.

"Chikaumira m'njira," anatero kapitawoyo akuseka. "Mwini wake sakuthamangira kulikonse."

Ankanena mkazi wanga.

Anachigoneka pansi m'lole ina yopita ku Vubwi, pamwamba n'kusanjikapo mafelemu a zitseko ndi matumba makumi awiri a simenti. Ndinapempha kuti ayaleko udzu kapena tayala lakale. Dalaivala anati, "Abambo, iyi si ambulansi."

Titadutsa Chadiza, pa kamlatho kotsika, lole inadumpha. Ndinamva kuti thyo! Sindinacheuke. Ndinadziwa.

Tinafika 5 koloko. Amayi a kumpingo anali atasesa kale kumanda, achibale ena atawoloka kuchokera ku Malawi. Titachotsa matumba aja tinapeza zidutswa zitatu, mng'alu utadutsa pakati pa dzina lake. A Banda, mlongo wake wa malemu, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Alamu, ndi ichi mwatiitanira?" M'zaka zonse za ukamwini wanga sindinachitepo manyazi otere.

Ndinaimbira foni kapitawo uja. Akuti katundu akatuluka pageti si wawonso, ndifunse dalaivala. Dalaivala akuti ndifunse msewu. Tsono ndifunse ndani? Nabanda?

Loweruka abusa anapemphera, tinavundukula nsalu pa zidutswa zija titazigundaniza pamtumbira. Mvula inayamba nyimbo isanathe.

Inu a pashedi, chinakuvutani n'chiyani kungondiuza kuti sichinaume? Ndipo inu anzanga, musakweze chiliza chawo musanachidinde ndi chala.

Kupepesa sanapepese mpaka lero. Ine ndinawakhululukira.