Hafu Yaikulu

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Boma latsopano litangolengeza pa wailesi, ana anatuluka m'mabango, m'madimba a mpunga, ena m'mabwato, onse kulunjika kusukulu yathu, kumunsi kwa Khombedza. M'kalasi mwathu munalowa mwamuna wandevu amene tinkamutchula kuti Bambo a Juma, ndipo ndikulumbira, Jumayo anali mu Sitandade 1. Zipinda zinachepa. Ife a Sitandade 5 anatipatsa mtengo wa mlambe, bolodi n'kuliyedzamiritsa pa thunthu. Tinalipo ambiri moti okhala kumbuyo phunziro linkawafika mawa lake. Izi si nthabwala. Funsani aliyense amene analipo, kungoti akumbuyowo akuyankhani mochedwa.

Aphunzitsi nawonso anachepa, ndiye boma linatola aliyense wa satifiketi ya kusekondale, kumuphunzitsa milungu yochepa, n'kumupatsa choko. Mmodzi mwa otoledwawo anali achemwali anga, a Esinati, amene mpaka nthawi imeneyo ankagulitsa zigumu pamsika. Kunyumba anali achemwali, kusukulu anali Madamu, ndipo ndikasokoneza, khutu langa lakumanzere ndi limene linkamva kuwawa. Mpaka lero ndi lalitali kuposa linzake.

Kenako kunamveka kuti aphunzitsi otoledwawo ayesedwa. Mlangizi wa sukulu za m'dera adzabwera kudzaonerera phunziro. Ochita bwino adzapita kukoleji kuti akakhale aphunzitsi enieni, olephera adzabwerera kumene anachokera. Kwa achemwali kumeneko kunali kubwerera kubeseni la zigumu, ndiponso kwa bambo wina wa maukonde ambiri ndi akazi awiri, amene anali atayamba kubwerabwera kwa amalume atanyamula chambo. Amayi atawafunsa maganizo awo, achemwali anangoti, “Kuli bwino ndidye choko.”

Phunziro lake linagwera pa masamu a magawo, amene tinkati mafulakishoni. Lamulo linali lakuti kuyambira Sitandade 5 chilichonse chiphunzitsidwe m'Chingerezi, ndiye mawu ake ankatigwera pamutu ngati matalala. Nambala ya pamwamba ankati nyumeleta, ya pansi dinomineta. Ine kwa mwezi wathunthu ndinkayesa kuti dinomineta ndi mankhwala opopera thonje. Komabe Madamu akafunsa ngati tamva, tinkayankha tonse pamodzi kuti tamva, mokweza, mwaulemu, m'mutu muli mbee.

Achemwali anakonzekera ngati munthu wopita kunkhondo. Masana aliwonse tikaweruka ankandikhazika pakhonde, iwo n'kuima ndi khala m'manja, kulemba pachitseko, kundiphunzitsa ine ndekha ngati kalasi yonse. Chingerezi chawo ankachinola mpaka nkhuku zinayamba kuwayankha. Koma panali mfundo imodzi imene tinkakanganapo tsiku lililonse. Iwo ankati mahafu awiri amakhala ofanana. Ine ndinkakana. Chibadwire, achemwali akanyema chigumu kuti tigawane, pankatuluka hafu yaikulu ndi hafu yaing'ono, ndipo ine ndinakulira pa yaing'onoyo. Umboni wake unali thupi langali. Pomaliza anandigwira khutu lija n'kunena kuti tsiku la alendolo ndisadzatsegule pakamwa, ngakhale kuyasamula.

Tsikulo linafika ndi mphepo ya mwera. Fumbi linkalowa m'mano, fungo la usipa woyanika pamathandala linkafika mpaka pansi pa mlambe. Tinauzidwa kuti tisambe, ndipo tinasambadi tonse, moti nyanja inada mbali yathu yonse. Mlangizi anabwera pa njinga yamoto, kumbuyo atakweza mayi wina wa kafukufuku, wa magalasi, atanyamula kawailesi kojambulira mawu. Ahedi anatiuza kuti mayiyo akuzungulira m'masukulu kufufuza chimene ana amalepherera mafulakishoni. Ife tinanyada kumva kuti kulephera kwathu kwatchuka mpaka kutali.

Madamu analemba pa bolodi hafu ndi kota, imodzi ya thu pansi, inayo ya folo pansi. Anafotokoza bwinobwino m'Chingerezi chonola chija, kenako anafunsa kuti yaikulu ndi iti.

“Wani ova folo, Madamu!”

Tinakuwa mwamphamvu moti mileme inachoka mumlambemo ndipo sinabwererenso. Tinalibe chikayiko. Folo amaposa thu, ngakhale mbuzi ikudziwa. Madamu anafotokozanso, pang'onopang'ono, n'kufunsanso. Ife, poganiza kuti sanatimve, tinawonjezera mawu. Mlangizi anaweramira pepala lake, ndipo kukanda kwa cholembera chake kunamveka mpaka kwa akumbuyo aja, tsiku lomwelo. Choko chinathyoka m'manja mwa achemwali. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, ndipo m'maso mwanga munabwera bambo wa maukonde uja atakhala pampando wa kwathu.

Achemwali anaika pansi choko chothyoka chija. Kenako anatseka buku, n'kupita kuseri kwa mlambe kumene ankabisa beseni la zigumu zogulitsa pa buleki. Anabwera ndi ziwiri, china n'kuika pamwala wa kumanja, china pa wa kumanzere. Atatsegula pakamwa munatuluka Chichewa cha pamsika.

“Ichi adya anthu awiri. Icho adya anthu anayi. Aliyense athamangire kumene akufuna kukadya.”

Fumbi limene linabuka pamenepo asodzi a ku chilumba cha Mbenji analiona n'kuyesa kuti kumtunda kwapsa tchire. Kalasi yonse inaunjikana pa chigumu cha anthu awiri. Pa cha anthu anayi panatsala patapata mmodzi.

“Bambo a Juma, mwathamangiranji kuno?”

“Madamu, uko milomo yachuluka.”

“Basitu. Nambala ya pansiyi ndi milomo. Milomo ikachuluka, chako chimatani?”

“Chimachepa!”

Kanali koyamba chaka chimenecho kuti tikuwe chinthu chimene tinkachidziwadi. Ndipo mwina ndi chisangalalo chimenecho chinanditsegula pakamwa. Dzanja langa linakwera lokha.

“Madamu, nanga hafu yake iti, yaikulu kapena yaing'ono?”

Kalasi yonse inatembenukira kwa ine. Mayi wa kafukufuku anasendeza kawailesi kake kufupi ndi ine. Achemwali anandiyang'ana, khutu langa n'kuyamba kutentha lokha asanaligwire. Koma sanaligwire. Anatenga mpeni m'beseni n'kundipatsa.

“Dula iweyo. Asankhe ndi Bambo a Juma.”

Sindinagwirepo ntchito molimbika chotero, ngakhale pano ndili wamkulu. Bambo a Juma anali munthu wa banja, wodziwa kusankha. Ndikanalakwitsa pang'ono pokha, ndikanabwerera pa hafu yaing'ono pamaso pa alendo. Ndinayeza ndi udzu, ndinayeza ndi ulusi wa kabudula, ndinachiyang'ana chigumucho kuchokera kunyanja ndiponso kuchokera kumtunda. Kaseti inatha, mayi uja n'kuitembenuza. Nditadula, Bambo a Juma ananyamula zidutswa zija, china dzanja ili, china dzanja ilo, kuziyeza, kuzinunkhiza, n'kupukusa mutu.

“Madamu, mwanayu ndi woipa mtima. Palibe yaikulu.”

“Imeneyo ndiye hafu,” anatero achemwali.

Mlangizi anaimirira, n'kulemba yekha pa bolodi mafulakishoni awiri, ya firii pansi ndi ya eyiti pansi, nafunsa m'Chingerezi. Tinasankha ya firii, wina kumbuyo n'kuwonjeza kuti, “Milomo yachepa, Sala!” Mlangizi sanaseke. Pambuyo pake anauza achemwali kuti aphwanya malamulo awiri, Chichewa mu Sitandade 5 ndi chakudya m'kalasi, ndipo zimenezo akazilemba. Anati akalembanso kuti ana anayankha. Zoti akuluakulu akaona ziti, iye sankadziwa. Mayi wa kafukufuku anandiitana kuti ndibwerezenso za hafu yaikulu, katatu, pang'onopang'ono. Choncho mawu anga ali mukaseti kwinakwake, ndipo ngati pali buku la masamu limene linasintha m'dziko muno, dziwani kuti ndinathandizapo.

Tinadikira mpaka mvula inagwa. Bambo wa maukonde anapitiriza kubweretsa chambo, achemwali anapitiriza kuphunzitsa ngati kuti yankho analimva kale, m'mawa uliwonse buku kukhwapa, beseni pamutu. Uthenga utabwera wakuti apite kukoleji, sanavine. Anangochapa malaya awo awiri n'kuwasita. Chambo chija sitinabweze, tinali titadya.

Lero pambali pa mlambe uja pali zipinda za njerwa. Mabuku asintha kangapo, nkhani ya chilankhulo chophunzitsira yapita uku, yabwerera uko, ndipo achemwali tsopano ndi amene amakhala kumbuyo ndi cholembera, kuonerera aphunzitsi atsopano akutuluka thukuta. Mwana wanga amachita mafulakishoni pafoni, koma tsiku lina anandiuza motsimikiza kuti kota imaposa hafu, ndiye ndinamutuma kukagula zigumu.

Amayi atamwalira anatisiyira dimba la mpunga kuti tigawane awiri. Abale anasonkhana akuyembekeza mkangano. Achemwali anangondiponyera chingwe.

“Dula iweyo. Ndisankha ine.”

Ndinayeza kuyambira m'mawa mpaka abale anatopa n'kubalalika. Achemwali anasankha osayang'ana n'komwe. Mbali zonse n'zofanana, ndinayeza ndekha, ndipo chingwecho ndikadali nacho. Koma ndikulumbira, chaka chilichonse mpunga wa mbali yawo ndi umene umabereka kwambiri.