Mbale ya a Bulashi Siitsukidwa

Mumsewu mwathu muno muli anthu awiri amene sindiwapatsa moni, ndipo ndidzalowa m'manda ndisanawapatse. Woyamba ndi Polishi, uja amatsuka magalimoto kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Wachiwiri ndi Kiyibodi, mwini bandi imene imaimba kuhotela Lamlungu masana. Ine sanandilakwire kanthu. Analakwira a Bulashi, ndipo kwa ine kuteroko kumaposa kunditukwanira mayi.

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika. Ndinayamba ntchitoyi pakhonde la shopu yometera ya a Bulashi, pamene eni makonde ena onse ankandithamangitsa kuti pakamwa panga sipatsekeka. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Khala apo, mphwanga. Koma kaseti ikamalira uzikhala chete." Lamulo linali lomwelo basi. Ndikulemba izi chifukwa eni akewo sadzanena, ndipo anthu a mumsewu muno ayamba kale kupotoza nkhani, eti mdala uja wasokonekera mutu. Asokonekera mutu ndi iwowo.

A Bulashi ndi bambo wamtali, wowonda ngati mpini, wa imvi zake zosamalika. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi: mpando wozungulira umene anaumanga ndi waya, kalilole wosweka pakona, benchi, ndi wailesi ya makaseti pashelefu. Ometa anzawo amamata zithunzi za masitayelo a tsitsi pakhoma. Iwo anamata zithunzi za oimba ng'oma za jazi a kalekale, zodula pa zikuto za malekodi, zina zitachita kufiira ndi ukalamba. Mayina awo enieni amawadziwa onse, mpaka ndi amene anawaphunzitsa. Ine lilime limandikana, ndiye ndinawapatsa mayina anga. Pali Wathukuta, amene akumenya ng'oma kukamwa kuli yasa, kolala yanyowa. Pali Wosesa, wa suti ndi tayi, wagwira timabulashi tawaya ngati munthu wosafuna kudzutsa khanda. Pali Chiphaliwali, amene manja ake sanagwidwe n'komwe ndi kamera, pangooneka utsi.

"Anthu awa sankangomenya chikopa," amatero a Bulashi. "Ankacheza. Walipenga akanena mawu, uyu amayankha. Akanama, amamutsutsa pomwepo."

Vuto lake n'lakuti kaseti ikafika pamene oimba ena onse amakhala chete kuti wang'oma alankhule yekha, a Bulashi amazimitsa makina ometera. Zilibe kanthu kuti mutu wako wafika pati. Tsiku lina kalaliki wa kubanki anakhala pampando mbali imodzi ya mutu ili mbee, inayo ili thengo.

"Madala, ndikuchedwa kuntchito."

"Ntchito mukaipeza, bwana. Tamvani dzanja lamanzere ilo."

"Ine sindinabwerere dansi kuno."

Ndinasuzumira pakhomo. "Achimwene, mutu umenewo ngakhale aumete wonse sukongola. Khalani pansi muphunzireko kanthu."

Sanabwerenso. Apite. Makasitomala oterewa timawadziwa, ndi omwe aja amayesa nsapato zisanu n'kugula zingwe.

Kumeta kunali kongodikirira Lamlungu. Lamlungu masana a Bulashi ankavala malaya oyera n'kukakhala kuseri kwa ng'oma zawo pakapinga wa hotela, anthu akudya pansi pa maambulera. Manja awo anali atayamba kale kunjenjemera pometa, ife tonse tinkaona, koma akagwira timitengo kunjenjemerako kunkathawa. Mpando umenewo, wa Lamlungu, ndi umene unkawadzutsa m'mawa sabata yonse. Ndipo Kiyibodi ankafuna kuuchotsa. Anali atagula chilimba chatsopano chokhala ndi ng'oma zake m'kati, zongodina batani, ndiye ankaona kuti mdala akungodzaza malo m'bandimo. Zinkamulepheretsa n'ziwiri. Manijala wa hotela ankakonda kuti a Bulashi saphokosera alendo, ndipo walipenga wa bandiyo ananeneratu kuti iye saimba ndi batani pamene munthu alipo.

Chinsinsi cha kusaphokosako chinali mbale. Pa ng'oma za jazi pamakhala mbale yaikulu yamkuwa imene imakhala pamtengo wachitsulo kudzanja lamanja, ndipo ndi imene imayendetsa nyimbo yonse. Ya a Bulashi inali yakuda bii, penapake yobiriwira, yodzaza zidindo za zala. Anailandira kwa mkulu wina amene ankaimba m'holo ya ogwira ntchito panjanji, ndipo mkuluyo sanaitsukepo. Iwonso sanaitsukepo. Oimba jazi satsuka mbale imeneyi. Thukuta, utsi, fumbi ndi mafuta a m'zala zimalowa m'timizere ta mkuwawo n'kuufewetsa mawu, mpaka umasiya kukuwa, umayamba kunong'ona. M'mphepete mwake munali timisomali togwedera timene anatiika dala, ndipo akangoikhudza inkachita phokoso la mvula yoyamba pamasamba ouma. Ankaitcha Nkhalamba. Ndinawafunsapo kuti bwanji ikuoneka ngati yatoledwa kudzala.

"Ukaipa dziwa nyimbo," anatero. "Iyi ikudziwa."

Tsopano tifike kwa Polishi. Mnyamatayu anakwatira mwana wamkazi wa a Bulashi. Ndi munthu amene amakhulupirira kuti chinthu chilichonse chosanyezimira n'chodwala. Nsapato zake umadzionerapo, mano ake umadzionerapo, koma m'mutu mwake simuoneka kanthu. Ndi amene ankanyamula ng'oma kupita nazo kuhotela pa kapikapu kake. Loweruka lina Kiyibodi anapita kukatsukitsa galimoto, ndipo anyamata a pamenepo anamumva bwinobwino akunena kuti, "Apongozi ako akutichititsa manyazi ndi chivindikiro cha mphika chija. Munthu waluso ngati iwe ungalephere kuwakonzera?" Kiyibodi wakhala m'mabandi kuyambira ali mnyamata. Asandiuze kuti sankadziwa chimene ankachita.

Polishi anakatenga mbale ija kunyumba kwa apongozi ake iwo ali kushopu. Anaipaka mankhwala opukutira marimu a matayala, n'kuyendetsapo makina opukutira aja amazungulira.

Lamlungu m'mawa ndinali pashopu kuti ndithandize kunyamula katundu. Polishi anafika ndi mkazi wake, atakulunga chinthu m'thaulo, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Bambo, ndakukonzerani kanthu kakang'ono."

Anavundukula. Dzuwa linamenya pa mkuwa uja mpaka ndinatsinzina.

"Mutha kumametera anthu, kalilole wachiwiri uyu," anatero. "Litsiro lake linali la zaka, bambo, ndasintha nsalu kangapo. Timisomali tija tinali togwedera, ndatizula ndataya. Mukanadzabayika nato."

A Bulashi anailandira ndi manja awiri. Anaikoleka pachala, n'kuigogoda kamodzi ndi chikhadabo. Inalira ngati poto wagwa pasimenti, ndipo sinkafuna kusiya. Anadikira mpaka itatha. Kenaka anayang'ana pakhoma pali zithunzi zija, n'kuyang'ananso pansi.

"Zikomo, mkamwini. Mwavutika."

Ine sindinabadwe choncho. "Iwe Polishi, anakutuma ndani? Ukapeza agogo ako agona udzawapaka utoto kutsitsi kuti akongole?"

"Akulu, ine ndimathandiza."

"Kuthandiza kwako n'kwa mbuzi m'munda. Ukanafunsa pakamwa pakanatupa?"

Mkazi wake analowerera. "Inu a nsapato, za pabanja pathu zikukukhudzani pati? Mwamuna wanga wagwira ntchito tsiku lonse chifukwa cha bambo. Bambo, tawauzani."

"Nyamulani katundu," anatero a Bulashi. "Anthu akudikira."

M'galimoto anangoikumbatira mbale ija pachifuwa, itakulungidwanso m'thaulo.

Kuhotela ndinaima kumbuyo pafupi ndi mpanda, pamene onyamula katundu timaima. Kiyibodi atangoona mbaleyo anaseka. "Lero ndiye mwatchena, madala. Nkhalamba yasamba." Anayambitsa nyimbo yoyamba, ndipo a Bulashi anatsitsa kamtengo monga momwe akhala akutsitsira moyo wawo wonse. Dzanja linkadziwa mbale yakale. Yatsopanoyo inakuwa. Mayi wina pathebulo lakutsogolo anasiya foloko n'kutseka khutu. Mwana anayamba kulira. Walipenga anatembenuka pakati pa kuimba, maso ali tong'o, ngati munthu amene wamva mlendo akulankhula m'chipinda mwake.

A Bulashi anayesa zonse. Anachepetsa mphamvu, koma mawu a kamtengo anamira m'phokoso. Anasunthira pakati, anasunthira m'mphepete. Nyimbo itatha anamangirira kampango kunsi kwake, ndipo pamenepo inangokhala ngati akumenya chitini cha penti. Manijala anabwera n'kunong'oneza Kiyibodi, akuloza ndi chibwano. Ndipo ine ndinaona chimene sindinachionepo pamalo amenewo: dzanja lamanja la a Bulashi linayamba kunjenjemera litagwira kamtengo. Anaphonya kamodzi. Anaphonyanso.

Kiyibodi sanadikire n'komwe kuti nyimbo ithe. Anadina batani. Ng'oma za m'chilimba zinalowa, tsi tsi tsi, zosapuma, zosayankha munthu, ngati mpopi wodontha. A Bulashi anaimitsa manja m'mwamba kwa kanthawi, kenaka anaika timitengo pamiyendo. Anakhala choncho, malaya oyera, msana wowongoka, mpaka bandi inaweruka. Alendo anapitiriza kudya. Ena anaombanso m'manja, anthu opanda makutu.

Ndinadumpha maluwa a m'mphepete mwa kapinga, n'kulunjika kwa Kiyibodi. Zimene ndinamuuza Kiyibodi sindingazilembe pano chifukwa ana amawerenganso. Ndikukumbuka kuti ndinamutcha mlembi wa pamakina amene anasochera n'kulowa m'bandi.

"Tamugwirani uyu," iye anauza alonda. "Madala akalamba, aliyense waona. Bwana wanena yekha kuti phokoso lachuluka."

"Phokosolo waliitana ndiwe, fisi iwe."

Alonda anandinyamula miyendo ili m'malere. Pageti ndinamva walipenga akutseka bokosi la lipenga lake mwamphamvu. Koma naye ali ndi ana, ndipo Lamlungu lotsatira anapita kukaimba ndi batani. Sindimuda. Ndimangomuyang'ana.

Lolemba m'mawa ndinapeza shopu yotseka, a Bulashi ali kuseri ndi khasu lobwereka. Kuseriko kuli kampata pakati pa khoma lathu ndi la wosoka zovala, pamene madzi a padenga amagwera. Anali atakumba dzenje lofika m'mawondo.

"Mdala, mukuika maliro a ndani?"

"Si maliro. Akuti ena mwa akuluakulu aja, mbale ikakhala yatsopano, yaphokoso, ankaikwirira m'dothi kuti ikalambe msanga. Sindinayesepo. Sindinkafunika kuyesa."

"Itenga nthawi yaitali bwanji?"

"Dothi lidzanena."

"Nanga manjawo adikira?"

Anandiyang'ana. "Gwira uku, mphwanga. Uzilankhula ukugwira ntchito."

Tinaigoneka pansi yopanda chokulungira, n'kukwirira.

Mumsewu muno nkhani imayenda kuposa minibasi. Sabata isanathe anyamata otola zitsulo anali atamva kuti kuseri kwa shopu yometera kuli mkuwa. Ndinawapeza awiri akuyendayenda ndi ndodo, akubaya pansi. Ndinawathamangitsa mpaka pamphambano nsapato ya chidendene ili m'manja. Tsiku lomwelo ndinachotsa tebulo langa pakhonde n'kukaliika m'kampata muja, pamwamba penipeni pa dzenje. Poweruka ndimagubuduzirapo mgolo wodzaza miyala. Ogula ambiri sandiona kumeneko, ndipo amene amandipeza amafunsa ngati ndikubisala apolisi. Afunse. Mawu anga amafika kumsewu ngakhale ndili kuseri.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti Polishi amabwerabe kudzametetsa, ndipo a Bulashi amamumeta bwinobwino, n'kumupukuta m'khosi. Ndinawafunsa kuti bwanji osamusiya mbali imodzi ngati kalaliki uja.

"Ndi bambo wa adzukulu anga. Anatsuka chimene anaona kuti n'chakuda. Ntchito yake ndi imeneyo."

"Nanga Kiyibodi?"

Pamenepo anangokweza wailesi.

Lamlungu masana amavalabe malaya oyera. Amatseka chitseko, n'kukhala pampando wometera moyang'anizana ndi Wathukuta, Wosesa ndi Chiphaliwali, kaseti ikulira, akumenya timitengo pa thaulo lopinda pabondo. Ine ndimakhala pabenchi. Ndi nthawi yokhayo imene ndimakhala chete.

Nyengo ya mvula itatha tinaifukula mbale ija. Khasu ndinagwira ndine, chifukwa iwo linkawapulumuka. Inatuluka yodera, ya mawanga obiriwira, nyongolotsi itamatirira kunsi. Anaipukuta ndi chikhatho chokha, n'kuikoleka pachala. Chala chinkagwedera, mbale nayo n'kumagwedera. Anaigogoda ndi chikhadabo, n'kupendeketsa mutu. Kwa ine inamveka bwino ndithu, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti tipite kwa manijala lero lomwe. Anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Anamvetsera mpaka mawu omaliza atazilala m'kampata muja.

"Ikadali mtsikana," anatero. "Bwezera."

Ndinabwezera, n'kukwirira, n'kukokerapo tebulo langa. Polishi ankadutsa kumsewu pa kapikapu kake konyezimira, ndipo anaimba hutala n'kukweza dzanja. A Bulashi anamukwezera lawo. Ine ndinapitiriza kuyala nsapato.